Sezim wa M'galaja ndi Dzina la Apongozi Ake

Ku Kochkor kuno mukafunsa za Sezim wa m'galaja, ngakhale mwana woyamwa akulozerani. Ndi kelin, mtengwa wa pakhomo pa mnzanga Satybaldy, mkazi wa mwana wake Kubat amene ali ku Moscow kumanga nyumba za eni. Anabadwira ku Tokmok, kwa bambo wokonza mawailesi, ndipo akuti anayamba kugwira waya asanayambe kugwira supuni. Atabwera kuno tinkangomuona ngati kelin wina aliyense: mpango kumutu, maso pansi, tiyi kuthira theka la mbale monga mwa ulemu. Sitinkadziwa zimene zinali m'mutu mwa mwanayu.

Chaka china, Satybaldy atapita kumapiri ndi nkhosa zake nyengo yotentha, Sezim anagwirizana ndi mwamuna wake pafoni, n'kusesa galaja imene inangokhala chigulitsireni basi ya mdalayo. Anaikamo makompyuta ogula kwa anthu otopa nawo, mipando ya pulasitiki, mbaula ndi ketulo. Sabata isanathe munali mutadzaza.

Kukonza makina amatha, koma luso lake lenileni ndi kukwatitsa munthu ndi gemu. Ukalowa sakufunsa kuti ukufuna gemu yanji. Amakuthirira tiyi kaye, kenako mafunso. "Mukapeza chitseko chokhoma, mumagogoda, mumathyola, kapena mumazungulira kukafuna zenera?" Ukayankha amagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda. Ndipo amangopereka magemu oti munthu wako umadzipangira wekha: nkhope, ntchito, khalidwe, dzina, zonse. Za ngwazi zopangiratu safuna n'kumva komwe. Amati kumeneko ndi kuvala malaya obwereka.

Zholdosh wogulitsa nyama, chimunthu choti chikayetsemula agalu amathawa, tonse tinkati ampatsa lupanga. Ayi ndithu. Anampatsa gemu imene iye amakhala sing'anga woyenda m'madambo kuthyola maluwa, ndipo mpaka lero akataya wodwala mmodzi sadya. Mayi Kalyiman, aphunzitsi aakulu, munthu woti sanatolepo ngakhale pensulo ya mwini, m'gemu mwawo ndi mbava yoopsa, yoyenda pamadenga kuba masupuni a siliva. Ine Duishon, amene ndinakalamba ndikubaya ng'ombe jakisoni, ndipo dazi langa limaoneka uli kutsidya kwa msika, anandipezera gemu yokhala ndi tsitsi la mitundumitundu. Ndinadzipangira mnyamata wa tsitsi lofika m'chiuno. Sekani ngati mukufuna, tsitsilo ndi langa.

Tsono Satybaldy anatsika kumapiri n'kupeza galaja yake ikulira mfuti ndi zinjoka. Mayo ine! Munthu ameneyu anayendetsa basi ya ku Bishkek moyo wake wonse, ndipo mawu ake anazolowera kupikisana ndi injini.

"Kelin wanga azikhala pakati pa amuna tsiku lonse? Anthu azinena chiyani? Tikangokumba kachewere, zimakina izi zituluke, mulowe matumba!"

"Chabwino, Ata," anayankha Sezim. Ata kuno ndiko kunena kuti bambo. Kelin satsutsa apongozi. Koma madzulo ake ndinamuona kuseri kwa galaja akupukuta maso ndi nsonga ya mpango, ndipo zinandipweteka kwambiri. M'Kochkor monse, chinthu chimene mwanayu anachipanga ndi manja ake, choti n'kunena kuti ichi n'changa, chinali galaja imeneyi basi.

Tsiku lina Satybaldy analowa kudzayeza makoma kuti aone matumba adzakwana angati. Anandipeza ndili pa kompyuta, mnzathu Toktosun ali pambali panga.

"Nkhalamba zopanda manyazi inu! Duishon, katsikana ka tsitsi aka ndi ndani?"

"Ndi ine, ndipo ndi mwamuna."

Anaseka mpaka chipewa chinagwa. Sezim anabwera ndi tiyi, anapereka kwa apongozi ake ndi manja awiri, kenako anatembenukira kwa ine. Kelin salangiza apongozi, choncho amene anauzidwa ndine, koma mawu anawakweza bwinobwino.

"Ata, ndapeza gemu ina, koma inu sindikupatsani. Dziko lake ndi lalikulu, misewu ya m'mapiri yokhayokha, yopanda zikwangwani. Aliyense amene wayesa wasochera. Imafuna munthu wodziwa msewu."

Satybaldy anasiya kuyeza khoma. "Kusochera? Ndani wasochera?"

"Onse, Ata," anatero Sezim akuyang'ana ketulo.

"Suntha, Duishon."

Anakhala pansi dzuwa lili pamutu, ndipo pofika nthawi yobwera ng'ombe anali asanamalize kupanga nkhope ya munthu wake. Mphuno anaikonza, anaiphwasula, anaikonzanso. Mimba anaikuza mpaka inafanana ndi yake, akuti iye sanama. Koma ndevu za pamlomo ndiye zinavuta. Zonse zimene gemu inali nazo anazikana: izi ndi za wapolisi, izi ndi za mbuzi, izi ndi za munthu wosadalirika. Atapeza zoyandikira anawerama n'kumadziyang'ana pagalasi la zenera, kenako pa sikirini, kenako pazenera. Pa dzina sanachedwe. Anabaya mabatani ndi chala chimodzi, dzina lake lenileni, zilembo zikuluzikulu.

Ndinamva Sezim akutsamwa ndi mate kumbuyo kwathu. Dzina limenelo iye sangalitchule, popeza mwambo wathu sulola kelin kutchula dzina la apongozi. Chikwatiwireni sanalitchulepo, ngakhale kuchipatala atamufunsa anachita kulemba pachikhatho ndi chala. Athunso sangawatchule, popeza ine ndi Toktosun ndife akuluakulu a mtundu wa mwamuna wake. Tonse atatu kwa iye ndife Ata.

Kenako gemu inafunsa: munthu wanu akafa azidzukanso, kapena afe kamodzi basi? Sezim anatsokomola. Anatsokomolanso mwamphamvu.

"Imwa madzi, mwana wanga," anatero Satybaldy. "Kudzukanso? Ine ndine mwana? Munthu amafa kamodzi." Anabaya.

Kuyambira pamenepo tinkasewera anayi. Sezim ankakhala patebulo lake kukhomo, ife m'kati, aliyense mahedifoni kumutu, ndipo iye ndiye anali sing'anga wa gulu, wotiona tonse kuchokera kumbuyo ndi kutichiritsa. Anatipempha mwaulemu kuti wina atenge uta, wina matsenga. Koma Satybaldy atasankha nkhwangwa, Toktosun anati iye si wotsala, nayenso nkhwangwa. Ine ndikanatani, ndigwire kauta ngati mwana wosaka mbalame? Nkhwangwa. Titafika kwa wosula zitsulo tinagula zisoti zachitsulo zofanana, zophimba mutu wonse. Ndevu zija, tsitsi langa lija, zonse zinalowa m'chitini. Tinasanduka zidebe zitatu zoyenda, ndipo chotisiyanitsa chinali mayina okha, olembedwa pamwamba pa mitu yathu.

Kunena zoona, msewu mdalayo ankaudziwa. Sitinasocherepo. Ankatitsogolera uku akukalipira akavalo a m'gemu ngati minibasi zom'pingasa. Ankafika m'mawa asanamwe n'tiyi yemwe, ndipo nkhosa anazisiyira mneba. Sezim ankamusamala ngati dzira. Mdalayo akakandika pang'ono, mankhwala onse kwa iye, ine ndi Toktosun tikufa ndi kudzuka ngati nkhuku za chitopa. Sitinadandaule, tinkadziwa chimene mwanayu ankateteza.

Kachewere anakhwima, anthu anayamba kukumba. Za galaja Satybaldy sananene kanthu mpaka tsiku lina, akuvula mahedifoni, anati, "Tikapha chinjoka cha kuphiri chija, tikambirana za matumba." Sezim anagwetsa supuni. Tonse tinamva chimodzimodzi: mdalayo akapambana mtima wake udzafewa, akagonja makina apita panja.

Linali Loweruka masana, ndipo mbiri inali itamveka. Zholdosh anatseka butchala. Mayi Kalyiman anabwera ndi mbale ya boorsok, timandasi tathu tija, n'kuyamba kudya okha chifukwa cha mantha. Tinalowa m'phanga, chinjoka chinadzuka, nkhwangwa zinayamba kulira. Zinkayenda bwino, abale. Chinali chitatsala pang'ono kugwa pamene kuchokera mumdima kunatulukira chimphona china chonyamula chibonga, chikuyenda mwakachetechete kulunjika kumsana kwa Satybaldy. Amene anachiona ndi Sezim yekha.

"Ata! Kumbuyo!"

Ine ndinatembenuka. Toktosun anatembenuka. Satybaldy, poona kuti anzake atembenuka, anati ndiye kuti si za iye, n'kupitiriza kudula mchira wa chinjoka.

"Ayi, osati inu! Enawo! Ata!"

"Ati?" anakuwa Toktosun. "Ine?"

"A nkhwangwa!"

"Tonse tili ndi nkhwangwa, mwana iwe!"

Ndinacheuka pampando n'kumuona. Anali ataimirira, nkhope ili psuu, maso ali pa dzina lija likuyandama pa sikirini, lalikulu loti ngakhale wakhungu awerenga. Milomo yake inayamba kulipanga, ndinaiona ndi maso angawa. Kenako anailuma.

"A kwathu! A kunyumba! Agogo ake a mwana wanga Akylai!"

Chibonga chinatsika. Phwaa! Chidebe chapakati chinagwa, ndipo sikirini ya Satybaldy inada, n'kutulutsa mwala wa pamanda wolembedwa dzina lake.

M'galaja monse maso anali pa Satybaldy. Zholdosh anavula chipewa. Toktosun, chitsiru cha munthu, anayamba kukweza manja kuti apemphere, ndinachita kumuponda phazi. Satybaldy anavula mahedifoni pang'onopang'ono, anawaika patebulo, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Mawa lake sanabwere, mkuja wakenso ayi. Akuti kunyumba ankangodya n'kukagona, tiyi kulandira osakweza maso. Sezim sanadikire kuuzidwa. Anayamba kuzula mawaya n'kumawakulunga bwinobwino, makatoni atawapempha kale kugolosale. Ine ndinamukalipira, chifukwa ndikamva chisoni ndimakalipa.

"Ukanangolitchula! Kamodzi kokha! Ndani akanakumanga?"

"Linafika apa, Ata," anatero akugwira pakhosi. "Linakana kutuluka. Mayi anga anandilera choncho, ndingatani?"

Tili pomwepo chitseko chinatseguka. Satybaldy, atavala jekete yake ya ku maukwati. Anayang'ana makatoni, anayang'ana mtengwa wake.

"Kelin."

"Ata."

"Dzina langa unaliona pamwamba pa mutu wanga?"

"Ndinaliona, Ata."

"Chimphona chija unachionanso?"

"Ndinachiona."

"Unkadziwa kuti ndikafa galaja yapita?"

"Ndinkadziwa, Ata."

"Ndiye unandisiya ndife."

"Ndinakusiyani, Ata." Misozi inali itayamba kutsika, koma mutu sanaweramitse.

Mdalayo anapuma mozama, ndevu zikunjenjemera. Sindinadziwe ngati akufuna kulira kapena kuphwanya mpando. Anatembenukira kwa ine.

"Wamva, Duishon? Mwana wanga anakwatira bwino. Kungoti ine ndafa nazo." Anakankha katoni ndi phazi. "Zinyalala izi zichoke. Kachewere akupita kwa iwe, uli ndi chipinda chapansi chongosungiramo akangaude."

"Kwa ine? Wandifunsa?"

"M'phanga muja unatembenuka ndani anakuitana? Khala chete. Kelin, yatsa makina, tipange munthu wina."

Sezim analumikiza mawaya. Ine ndinakhala pansi ndikung'ung'udza, ndikudziwa kuti tsiku lathera pa mphuno. Koma mdalayo anandidabwitsa. Anasankha kamnyamata koonda, kosalala kumaso, ndipo pa ntchito anadutsa nkhwangwa, anadutsa lupanga, n'kukaima pa woyimba woyendayenda, wonyamula kachoimbira ka zingwe kofanana ndi komuz yathu.

"Ukuyang'ana chiyani, dazi iwe?" anandifunsa. "Ndili mnyamata ndinkafuna kuyimba. Bambo anga anati woyimba sadyetsa banja, n'kundipereka kwa madalaivala. Ndakhala Satybaldy moyo wanga wonse, ndafa ndili Satybaldy, zakwana."

Pofika pa dzina anachotsa manja pa mabatani n'kusuntha mpando.

"Upereke ndiwe, mwana wanga. Loti uzitha kulikuwa."

Kuno dzina amapereka ndi akuluakulu, kwa makanda. Kelin kutcha dzina apongozi ake, ine chibadwire sindinamvepo. Sezim anayandikira mabatani aja. Kenako anawerama n'kulemba kuti Torgoi, kambalame kaja koyimba m'madambo m'mawa. Mdalayo analiwerenga mokweza, analibwereza, n'kunena kuti si loipa.

Tinayambiranso pachiyambi, pamudzi wa alimi, kumenyana ndi nkhumba zam'tchire. Kamnyamata kake kanalibe mphamvu ngakhale pang'ono, koma mwini wake anali asanaiwale za nkhwangwa, moti anathamangira kutsogolo kukamenya nkhumba ndi choimbira. Ina inam'zungulira kumbuyo. Pamenepo m'mahedifoni mwathu munaphulika mawu amene m'Kochkor muno palibe anali atawamvapo, akuthwa, oti ngakhale Zholdosh kubutchala kwake anawamva.

"Torgoi, iwe! Thawa msanga, wopusa iwe!"

Sezim anadzigwira pakamwa. Ine ndi Toktosun tinayang'anana. Koma Satybaldy anali atapinda msana, lilime lili panja, akubaya batani ndi mphamvu zake zonse.

"Ndikuthawa, mwana wanga, ndikuthawa!"