Chaka chimene tinamanga mabelu

Ngiringiri, ngiringiri. Belu limenelo tinkalimva njinga isanatulukire pa chitunda cha msewu wa ku Bembeke, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndi mnyamata wa kuseri kwa nyumba yathu, akuchokera kogulitsa kabichi. Ankaliza ngakhale mumsewu mulibe munthu. Ankalizira mbuzi, ankalizira atsikana a kuchitsime, mwina ankalizira ndi nkhungu yomwe.

Chaka china m'nyengo yachisanu, iyeyo ndi msuweni wake sanabwerere. Anawapeza m'ngalande ataphedwa, njinga zawo zitatengedwa. Onse awiri anali asanamere ndevu. Amene anachita zimenezi sanadziwike.

Maliro atatha, tinaona kuti njinga iliyonse ikaliza belu, mayi ake a mnyamata uja ankatuluka m'nyumba, lichero lili m'manja, n'kuima kuyang'ana kuchitunda. Palibe anaitanitsa msonkhano. Koma posakhalitsa mabelu onse a m'mudzi anali atamangidwa ndi sanza, ndipo akatekisi anachita kumasula lawo n'kumayenda nalo m'thumba.

Tsono msewu wathu ndi wotsetsereka, moti anthu anayamba kulizira pakamwa. Atelala ankabwera akukuwa kuti, "Njira, njira, mabuleki ali ndi Mulungu!" Akatekisi ankaimba nyimbo ya m'tchalitchi mothamanga. Bambo wina wochokera ku Joni ankalira ngati tambala, atambala enieni n'kumamuyankha. Anthu amene anali asanaseke chichitikire maliro ankabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka.

Ine ndinali mwana wamasiye, wokhala ndi agogo. Bambo anga anandisiyira chinthu chimodzi, njinga yakuda yopanda belu, ndipo popeza anyamata awiri aja ndi amene ankatinyamulira mbatata, agogo anati ndiyambe kupita ndekha kumsika. Vuto linali mawu. Ndinali munthu woona zambiri koma wosayankhula, ndipo ndikati ndikuwe, mawu ankathera pakhosi. Ndinagunda mbuzi. Kenako ndinagunda atelala, iwo ali chiimire.

"Iwe, pakamwa pakopo anakupatsa podyera pokha?" anatero agogo. "Ukagundanso china, njingayi ndigulitsa ndigule nkhumba. Nkhumba siichita kuuzidwa kuti ilire."

Agogo sankaopseza chabe. Ndinayamba kupita kudimba kukakuwira makabichi, ndipo kumeneko mawu ankatuluka bwinobwino.

M'mawa wina wa nkhungu ndikutsetsereka ndi thumba la mbatata, ndinaona munthu patsogolo, mtsuko uli pamutu. Anali mayi aja. Ndinatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Ndinakhotetsa n'kukalowa mumpanda wa khonje, mbatata zonse mbwee mumsewu.

Anatula mtsuko, nayamba kutola mbatata.

"Mwanawe, bwanji osaliza belu?"

"Ndilibe, amayi."

"Nanga anzakowa, nawonso alibe? Azibambo a ndevu zawo kumalira ngati atambala pakhomo panga. Mukuyesa sanzazo sindiziona?"

Ndinangoyang'ana minga m'manja mwanga.

"Ndikamva belu ndimatuluka, inde," anatero. "Koma chimangireni mabelu anuwa, ndimangokhala m'nyumba kudikira. Kudikirako n'kumene kukundidwalitsa."

Nkhani inafika kwa agogo ine ndisanafike. Masana amenewo ndinawapeza pakhonde akufunsa anzawo mtengo wa nkhumba, mokweza kuti ndimve. Ndinakhala pafupi ndi njinga, kuwongola sipoko imene sinali yopindika.

"Odi kuno."

Anali mayi aja. Anagwada, nalonjerana ndi agogo.

"Ndamva kuti mwanayu wafuna kukuphani," anatero agogo.

"Wapha khonje. Nkhumbayo idikire kaye, agogo."

Anamasula mfundo ya pansonga pa nsalu yawo. Munali belu, lophwanyika pang'ono mbali imodzi. Anati abusa a ng'ombe analitola m'udzu pafupi ndi ngalande ija, ndipo chiyambire linali pansi pa mphasa yawo.

"Ukamafika pachitunda paja uzililiza. Kawiri, osati kamodzi. Enawo akamva, amasula okha."

Anandiika belulo m'manja, lili lofunda, natsika pakhonde n'kulowera kuseri kwa nyumba.