Namwino Amene Anakana Kusoka ndi Singano Yamagazi

Akhristu anzanga, mayi tawaika m'manda sabata yathayi ambiri munkangowadziwa ngati mayi a diso limodzi osesa m'tchalitchi. Imvani mmene disolo linathera.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo awo anamwalira ndi kabala kochepa kapamwendo kosokedwa ndi zida zauve. Mwendo unatupa, unanunkha, basi. Atakula anaphunzira unamwino, nalembedwa ntchito pa kachipatala ka fakitale yocheka matabwa. M'mawa uliwonse ankayamba ndi pemphero, kenako n'kuwiritsa zida. Antchito ankawaseka: "Asisitere, mukuphika masizasi? Mutigawireko msuzi!" Iwo ankangoti, "Chimene diso siliona, Mulungu amachiona."

Tsiku lina lamba wa makina anaduka, macheka n'kukhadzula anthu awiri. Magazi ali chuchuchu! Mayiwo anasoka woyamba. Wachiwiri dzanja linali litang'ambika mpaka fupa, koma zida zoyera zinali zitatha. Anaponya zamagazizo m'madzi owira, n'kupanikiza balalo ndi nsalu yoyera.

Mkulu wake wa wovulalayo, chimunthu chonyamula zipika, anakuwa: "Sokani mng'ono wanga, mayi inu! Singano si iyo?"

"Ili ndi magazi a mnzake, achimwene. Dikirani iwire."

"Afe chifukwa cha mphika?"

Anatola thabwa, phwaa! kumaso kwa mayiwo. Mano awiri anagwera pansi, diso n'kuphulika. Abale, zimandiwawa kunena: anawamenyanso m'nthiti, nthiti n'kulira thyoo. Koma manja awo sanachoke pabala paja. Anthu atamugwetsa munthuyo, mayiwo anati, "Wina andimange kumasoku, magazi anga angadonthere m'balamu."

Zida zitawira, anasoka ndi diso lotsalalo. Dzanjalo linapola popanda mafinya.

Kupolisi anakana kukasuma. "Anali ndi mantha, osati nkhanza," ankatero. Ife tinakwiya nawo, sindinama. Iwo anabwerera pa ntchito, nawiritsabe zida mpaka kupuma pa ntchito, nthiti zikuwabaya nyengo yozizira iliyonse, osadandaula.

Atagona pa bedi lomaliza, wowamenya uja anabwera, imvi zili mbuu, n'kugwada akulira.

"Dzukani, achimwene," anatero mayiwo. "Dzanja la mng'ono wanu likugwirabe?"

"Likugwira, mayi. Lalera ana asanu."

"Ndiye mukulira chiyani?"

Mayiwo analandira mgonero, natsinzina mwamtendere ana awo akuimba nyimbo. Pa maliro, wowamenya uja ndi mng'ono wake anagwira bokosi kutsogolo, ndipo anakana kulandiridwa mpaka kumanda.