Chithunzi Chopanda Pakamwa

Anandilanda mudzi wanga ndi dzina langa tsiku limodzi, dzuwa lili paliwombo, chifukwa cha kachitsulo kosaposa bokosi la machesi. Wofuna kunena kuti ndikupeka anene, ine ndilibe nthawi yolumbira, koma izi zinandichitikira ine ndemwe pa Zóbuè, ndipo amene anaponya miyala adakali moyo.

Shikola ndinaisiya bambo atamwalira, n'kutsegula kabaraka pafupi ndi msika, kojambula zithunzi za bilyeti, chiphaso cha boma chija, ndi kuika nyimbo m'mafoni. Inali nthawi ija aliyense ankathamangira ku Moatize kukafuna ntchito ya malasha, ndipo pepala lililonse lofunsira ntchito linkafuna chithunzi. Anthu ankafola pakhomo, koma kompyuta yanga inali yaulesi ngati ng'ombe yodwala. Ndiye ndinatsikira ku Moatize kukagula purosesadori, amene ndi ubongo wa kompyuta, kwa mkulu wina wophwasula makina akale a m'maofesi. Anandiuza kuti ndibwere ndi kompyuta yonse kuti amuike yekha, koma ndani akanalipira shapa, minibasi ya kwathu kuno, kawiri chifukwa cha ntchito yomasula tizitsulo tinayi? Ndinamuika ndekha ndi nsonga ya mpeni.

Liwiro linabweradi. Koma tsiku lachiwiri ndili mkati mwa ntchito galasi lonse la kompyuta linasanduka labuluu, tizilembo toyera mbwee, kompyuta n'kuzima yokha. Ndinkaimenya khofi m'mbali n'kuyatsanso. Ndinapukuta fumbi, ndinasaka mavairasi, ndinaikanso mapulogalamu onse, ndinatukwana a magetsi, koma ayi ndithu, patsiku inkafa kanayi kapena kasanu. Kenako zithunzi zinayamba kuonongeka. Mu kamera munthu ali bwinobwino, koma ndikangomusunga mu kompyuta, kuyambira pamphuno kutsika m'munsi pamakhala phulusa lokhalokha, pakamwa palibe.

Kunabwera bambo wina wolima kachewere kumtunda, wa mpingo wathu, ndipo chifukwa cha changu ndinasindikiza chithunzi chake osayang'ana. Chinatuluka chopanda pakamwa. Iye anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti akamuonetsa mkazi wake aone kuti mwamuna wake wasiya kulongolola. Ndinamujambulanso chabwino, choipa chija anaponya m'thumba la malaya. Patapita masiku anayi lole imene anakwera popita ku Moatize inagubuduka potsetsereka, ndipo okonza maliro anachipeza chithunzicho m'thumba muja. Akuti ngoziyo inamuphwanya nsagwada. Inu mukanakhala mkazi wake mukanaganiza chiyani?

Maliro atatha anabwera, achimwene a malemu ali patsogolo, gulu lili pambuyo mpaka kutseka njira. Anandilamula kuti ndiyatse makinawo aone chimene ndimasungamo. Ndinayatsa, ndipo zithunzi zonse zinatseguka pamodzi, tinkhope ta anthu a m'mudzi mizeremizere, tina tabwino, tina topanda pakamwa. Mayi wina wogulitsa tomato anadziona pakati pa toipato n'kukuwa ngati walumidwa ndi njoka. Anthu anayamba kukankhana, aliyense kufuna kudziwa ngati nayenso alimo, ndipo nthawi yomweyo, abale anga, galasi lija linasanduka labuluu n'kuzima. Wina anafuula kuti ndikubisa, wina kuti ndikugulitsa anthu ku mgodi kuti ndilemere. Ndinayesa kufotokoza, koma ndikanafotokoza chiyani ine mwini sindinkadziwa vuto? Ndinamva fungo la petulo, kenako mwala unandipeza pakhutu. Ndinatulukira pazenera lakumbuyo, n'kudutsa m'chimanga ndikukwawa magazi ali chuchuchu, mpaka pamsewu pamene dalaivala wina wachilendo anandinyamula osafunsa kanthu. Ambiri mwa amene ankandithamangitsa ndinkaimba nawo kwaya.

Anatentha galasi ndi makina osindikizira poganiza kuti nkhope zimakhala mmenemo, bokosi lenilenilo analisiya pansi pa tebulo. Patatha sabata mayi anga analikulunga m'kapulana, chitenje chawo, n'kubwera nalo ku kachipinda kamene ndinkagona ku Moatize, m'dera la 25 de Setembro. Analitula pakhomo, kulowa anakana, madzi anakana. Anangondifunsa, maso ali pansi, ngati nkhope yawo inalimonso. Ndinawauza kuti mulibe, iwo n'kubwerera ndi shapa yomweyo.

Bokosilo ndinapita nalo kwa mayi wina wokonza makompyuta pafupi ndi njanji. Sanandifunse za bala, anangondifunsa chimene ndinasintha komaliza. Anazula memoriya, timatabwa tiwiri timene kompyuta imagwirirapo ntchito isanasunge chinthu, n'kumayesa kamodzikamodzi, ndipo galasi lake linadzaza mizere yofiira. Anati purosesadori watsopanoyo ankathamangitsa memoriya yakale kuposa mphamvu yake, n'chifukwa chake inkataya zidutswa za chithunzi panjira, komanso mpeni wanga uja unali utapinda kamwendo kamodzi pamalo pokhala purosesadori. Anawongola kamwendoko ndi singano, anatsitsa liwiro la memoriya, n'kuisiya yoyaka masiku awiri. Sinafenso. Ntchito yokonza yeniyeniyo sinakwane ola limodzi, ndipo anandinyoza kuti ana a masiku ano timadziwa kugula koma kuyesa ayi.

Ndiye choonadi ndili nacho, koma ndikachiuze ndani? Ndikwere ku Zóbuè kukaphunzitsa mkazi wamasiye za liwiro la memoriya? Ndinatumiza uthenga kwa akulu a mpingo kawiri, yankho silinabwere. Ndikakumana ndi anthu akwathu pamsika wa Moatize amatembenukira kwina, ena amaphimba nkhope ndi dzanja. Ndimadya ndekha, Lamulungu ndimakhala m'nyumba.

Ine lero sindikhulupirira kuti m'makina mumakhala mizimu, ndipo sindiopa akufa. Ndimaopa anthu ondidziwa akachita mantha. Inu amene mumagwira ntchito ngati yangayi, mukasintha purosesadori muziyesa memoriya masiku awiri musanaikemo nkhope ya munthu, ndipo chithunzi chikaonongeka muzing'amba pomwepo ndi manja anu, ngakhale mwini wake akuseka. Pa tsiku la maliro palibe amene amakumbukira kuti anaseka.