Tsiku limene anayeza nkhokwe ya mkazi wanga

Kwathu ndi ku Chidzolomondo, ku Macanga. Ku Tsangano ndinapita kukakwatira. Ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ine, koma dothi linali la mkazi wanga ndi abale ake.

Nkhondo itakula, mudzi unathawira ku Malawi. Mkazi wanga anapita ndi ana. Tinapangana kuti ine nditsale ndizilima, iye azibwera kudzatenga chimanga njira ikakhala bwino. Anabwera kamodzi. Kenako zii.

Ndinatsala ine ndi mbuzi yotsimphina. Mudziwo unali pafupi ndi asilikali a boma, choncho zigawenga za m'tchire sizinkafika kawirikawiri. Ena onse sankafikanso. Pakamwa panga pankachita kununkha chifukwa chosalankhula.

Chaka china, titakolola, kunabwera anthu awiri, mwamuna ndi mayi, pa magalimoto a asilikali. Anati achokera kusukulu yaikulu ya kumzinda, akufufuza mmene alimi akupezera zinthu m'nkhondo. Mwamunayo anali ndi chingwe choyezera minda ndi balansa, sikelo yopachika pamtengo. Chichewa sankachidziwa. Mayiyo anali wa chakuno, ndipo ntchito yake inali kukhala pansi n'kumafunsa.

Ndinafunsa chifukwa chimene anabwerera awiri. Mayiyo anati chingwe chimanena kukula kwa munda, koma sichinena chimene munthu walimira. Pakamwa pamanena chifukwa, koma pamawonjezera. Ndiye iwo amaphatikiza ziwirizo. Ankanyozana ngati pachilamu. Mayiyo ankati mnzakeyo akadzafuna mkazi adzayamba wamupachika pabalansa. Mwamunayo ankayankha kuti nkhani za mayiyo n'zopepuka kuposa mankhusu.

Mwamunayo anapita kumunda. Mayiyo anakhala pamtondo wogwetsa n'kundifunsa kuti pakhomo tilipo angati. Ndinatchula mkazi ndi ana onse. Anafunsa kumene ali. Ndinati kutsidya, koma amabwera kudzatenga chakudya. Anafunsa kuti liti. Ndinati pafupipafupi.

Mawuwo ndinali nditadziuza ndekha nthawi yaitali. Anatuluka mosavuta.

Mwamunayo atabwera kumunda anakwera pankhokwe. Anapisa mkono, natulutsa chimanga cha pamwamba, n'kuyeza. Anapisanso mozama. Chinatuluka cha chaka chatha, chobooka. Pansi penipeni panatuluka fumbi ndi anankafumbwe. Analankhula Chipwitikizi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinamva. Anati munda ndi wa banja lalikulu, koma nkhokwe iyi ikudyedwa ndi pakamwa pamodzi. Mayiyo anamuuza kuti atsitse mawu.

Kenako mayiyo anabwerera pamtondo paja.

"Bambo, balansa ikuti mumadya nokha. Inu mukuti mumadyetsa banja. Sindikunena kuti wina akunama. Ndithandizeni, ziwirizi zikumane."

Mbuzi inkatafuna chingwe chawo, palibe anaithamangitsa.

Kenako ndinanena. Anthu odutsa ndi mchere anandiuza dzinja lapitalo kuti mkazi wanga ali ndi khanda kumsasa wa othawa. Ine ndi iye tinali tisanaonane zaka. Nkhaniyo sindinauze munthu. Panalibenso womuuza.

Mayiyo anafunsa chifukwa chake ndikulimabe munda wonsewo.

"Mayi, pano ndimakhalapo chifukwa cha iye," ndinatero. "Ndikavomera kuti sabwera, ndine ndani pano? Ndikamalima, ndidakali mkamwini."

Anapempha kuti alembe zimenezo popanda dzina langa. Ndinati alembe. Anamumasulira mnzake uja. Mwamunayo anatsitsa balansa pamtengo. Chimanga chimene anayeza anachibweza m'nkhokwe ndi manja, pang'onopang'ono, osataya. Ananena mawu amodzi a Chichewa, pepani, lilime likumulemera.

Ndinawaotchera mbatata. Anadya ataimirira, chifukwa asilikali anali atayamba kuliza galimoto. Mayiyo anati zimene ndanena zikawathandiza kumvetsa minda ina yaikulu imene anaipeza yopanda anthu. Sindikudziwa ngati zinathandiza. Zimene analemba sindinazione.

Atapita, pakhomo panakhala zii kuposa kale. Ndinali nditazolowera kusalankhula, iwo anandisokoneza.

M'mawa mwake ndinapasula nkhokwe. Fumbi ndinataya kudzala. Chobooka ndinasiyira mbuzi. Chabwino ndinabweza, n'kumata bwino, n'kufolera denga latsopano, kuti ana akadzabwera adzapeze. Chinali chawo.

Nyengo yogalauza itafika, khasu sindinaligwire. Ndinayenda m'mundamo kamodzi, kuchokera kumtunda mpaka kudambo, m'mene chingwe chija chinadutsa. Unalidi waukulu. Ndinali ndisanauonepo choncho.

Ndinatseka chitseko ndi mtengo, n'kumanga mbuzi pakhosi. Tinayenda njira za m'tchire, kupewa msewu. Mbuziyo inkachedwetsa, koma sindinaisiye.

Ku Chidzolomondo ndinapeza nyumba ya mayi anga itapsa, anthu kulibe. Ndinazindikira malowo ndi mtengo wa mango. Ndinamanga mbuzi pamenepo, n'kuyamba kudula udzu wa denga.