Anandigwira Dzanja ku Zanzibar

Zaka zonse zimene tinakhala m'banja, amuna anga anali asanandigwirepo dzanja panjira. Sindikuwanena ayi. Kwathu kuno ku Domasi zimenezo sizichitika. Mwamuna amatsogola, mkazi amabwera pambuyo atanyamula Baibulo ndi buku la nyimbo, ndipo mukafika kutchalitchi cha pa Mishoni aliyense amakakhala mbali yake. Ifenso tinkayenda choncho, iwo patsogolo, ine m'mbuyo ndikulankhula ndi nkhongo yawo. Nkhongo imeneyo ndinkaidziwa kuposa nkhope.

Iwo anali mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, ine ndinkataipa makalata mu ofesi. Dzina la Zanzibar ndinayamba kulimva tili pachibwenzi. Akamaphunzitsa za malonda a akapolo, ankajambula pabolodi njira yochoka kuno kwathu mpaka kunyanja yamchere, kenako kachilumba kumapeto. Kunyumba nakonso sitinkapuma. Zitseko zosema, tinjira topanikizika, msika umene ankagulitsirapo anthu, zonsezo ndinazimva mpaka kutopa nazo. Ndinkawaseka kuti amakamba ngati mchombo wawo unakwiriridwa komweko, chonsecho ngakhale ku Karonga anali asanapondeko. Ankangoti tsiku lina tidzapita, ine n'kumati eya, aphunzitsi, tidzapita.

Patapita zaka zingapo chipumireni pantchito, anadzuka tsiku lina n'kunena kuti tikapangitse mapasipoti. Munthu ameneyu kugula nsapato kokha ankakuganizira miyezi itatu, ndiye changu chimenechi chinandidabwitsa. Ndinati tidikire chaka chamawa, mwana wathu wotsiriza ayambe wakwatiwa. Anakana. Ndinati nanga tidikire tikolole. Anakananso, amvekere ulendowu ndi wa chaka chino basi. Ndinakwiya, masiku awiri ndinkangowaikira chakudya patebulo osawalankhula. Mkwiyo wanga sunawasunthe. Anakakambirana ndi mayi wina wachisilamu woyandikana nafe, amene amakaoda zitenje ku Dar es Salaam, kuti tinyamukire limodzi ndipo akatikweze sitima yapamadzi.

Za basi sindikamba zambiri. Miyendo inatupa, msana unauma, ndipo pa boda ndinatsala pang'ono kulira poona chidindo choyamba m'pasipoti yanga, ngakhale ndinkanamizira fumbi. Mayi woyandikana nafe uja anatifikitsadi padoko la ku Dar es Salaam n'kutsanzika, kupita ku maoda ake. Tinatsala awiri pakati pa anthu olankhula Chiswahili chokhachokha.

Pokwera sitima pali kamlatho kachitsulo kamene kamagwedezeka. Amuna anga anafika pamenepo n'kuima. Anatambasulira dzanja m'mbuyo osacheuka.

"Mayi, dzanja."

Ndinkayesa akufuna matikiti, ndiye ndinayamba kufufuza m'chikwama. Iwo anapapasa mpaka anapeza dzanja langa, n'kuligwira. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kuyang'ana uku ndi uku kuti wationa ndani. Panalibe wotidziwa. Tinakwera, tinakhala pansi, koma dzanja lija sanalisiye. Tinawoloka nyanja yonse tili chigwirane.

Ndinene zoona, ndinakondwa ngati kamtsikana. Ine nkhalamba ya zidzukulu zisanu, ndinkangomwetulira ndekha. Ndinati kani chikondi chinalipo nthawi yonseyi, chinkangoopa maso a anthu a kwathu kwa Malemia. Ndinawafunsa mowaseka ngati chikondi chawo chinkadikira chidindo cha pa boda. Anaseka pang'ono osayankha, ine n'kuganiza kuti ndi manyazi. Titafika pogona, ndinaimbira foni mng'ono wanga n'kumuuza kuti alamu ake asintha, akuyenda nane atandigwira dzanja mzinda wonse ukuona. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndisabwerenso.

Mzinda wakale wa pachilumbacho ndi mmene ankanenera. Tinjira take n'topanikizika moti ukatambasula manja ungakhudze makoma onse awiri, ndipo njinga zamoto zimatulukira poti sukuyembekezera. Nyumba zake n'zazitali, zamiyala, zina zikugumuka. Ponseponse pamanunkhira zokometsera zakudya, ndipo nthawi ya mapemphero ikakwana mawu oitanira amachokera mbali zonse, osati mzikiti umodzi ngati pamsika wathu wa Songani. Amuna anga ankaima pafupifupi pachitseko chilichonse chosema. Dzanja limodzi lili mwa ine, linalo ankasisita thabwa, kutsata maluwa osemedwawo ndi chala, kugwira misomali ikuluikulu yamkuwa umodzi umodzi. Kenako ankandifunsa kuti pamwamba pa chitsekocho ndikuonapo chiyani. Ndinkadziwa kuti uphunzitsi sutha, ndiye ndinkayankha ngati mwana wa sukulu, iwo n'kumagwedeza mutu. Zikwangwani zonse ankati ndiwawerengere chifukwa magalasi awaiwala pogona. Mawa lake anawaiwalanso. Ndinawanena kuti ukalamba wawapeza, koma mumtima ndinalibe nazo ntchito. Masiku awiri amenewo ndinkayenda ngati sindikuponda pansi.

Tsiku lachitatu tinapita pamene panali msika wa akapolo. Pamalopo anamangapo tchalitchi, ndipo pafupi pake pali tizipinda tapansi, tamdima, timene wotionetsa malo anati ankatsekeramo anthu. Denga lake n'lalifupi, umalowa chowerama. Amuna anga anagwira khoma. Kenako anati mwina ena mwa anthu amene anagona pamenepa ankamwa madzi a mtsinje wa Domasi ngati ife. Ndinalira, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Titatuluka, dzuwa linali paliwombo. Tinalowa kanjira kodzaza anthu ndi ogulitsa. Pakhomo pa kasitolo kena ndinaona nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu, yokongola zedi. Ndinasolola dzanja langa osanena kanthu, n'kuyenda mapazi atatu okha. Ndinaitambasula nsaluyo n'kucheuka kuti ndiwaonetse.

Anali chiimire pomwe ndinawasiya. Mutu unkatembenuka pang'onopang'ono. Maso awo anafika pa ine, anandiyang'ana kumaso kwenikweni, n'kupitirira. Ndinakweza nsalu ija m'mwamba n'kuigwedeza. Palibe chinachitika. Kenako panadutsa mayi wina wovala mkanjo wakuda, ndipo amuna anga anatambasula dzanja n'kugwira lake.

"Mayi, munapita kuti?"

Mayiyo analanda dzanja lake n'kuwakalipira m'Chiswahili. Iwo anapepesa m'Chingerezi, kawiri, katatu, atavula chipewa. Atachoka mayiyo, anatsala ataima pakati pa njira, dzanja lili m'malere, zala zili chitambasukire. Njinga yamoto inawalizira hutala, sanadziwe kothawira.

Sindinathamange nthawi yomweyo, ndipo chimenechi chimandipweteka mpaka lero. Ndinaima ndi nsalu ya eni ake m'manja, kuwayang'ana, kufuna kuti ndikhale kuti ndalakwitsa. Ndinkati mwina acheukanso andione. Sanandione. Ndinaika nsaluyo pansi n'kupita kukawagwira.

M'tinjira timeneto muli mabenchi amiyala omangidwa kukhoma. Tinakhala pa limodzi mwa amenewo, ndipo ndinawafunsa kuti zinayamba liti. Sanazembe. Anati matenda a shuga, amene ankamwera mankhwala, awadya maso. Adokotala ku Zomba anawauza chaka chatha kuti diso lamanzere latha, lakumanja likutsatira, ndipo anachedwa kupita. Tsopano ankaona ngati mmene phiri limaonekera m'mawa wa nkhungu, zinthu zikuluzikulu zokha, nkhope ayi. Kunyumba sizinkavuta chifukwa mapazi ankadziwa okha njira.

Pamenepo zonse zinabwera. Njinga anaisiya amvekere maondo akupweteka. Kuwerenga mawu kutchalitchi anasiya amvekere tipatse mpata achinyamata. Nyuzipepala anasiya kugula amvekere wailesi imanena zomwezo. Maulendo a ku Zomba aja ankati ndi za penshoni. Ine wogona nawo nyumba imodzi, wodzitama kuti palibe chimandidutsa, sindinaone kalikonse. Wakhungu weniweni m'nyumba muja ndinali ine.

Mkazi wabwino akanawakumbatira. Ine ndinapsa mtima. Ndipo Mulungu andikhululukire, chimene chinayamba kundiwawa si maso awo. Chinali dzanja. Ndinakumbukira mmene ndinadzitamira pafoni, mmene ndinkayendera monyada m'tinjira tija.

"Ndiye dzanja langali munalisandutsa ndodo, bambo?"

Ndinkadikira kuti anene kuti ayi, si ndodo yokha. Akananena zimenezo, ngakhale monama, ndikanazilandira ndi manja awiri. Koma munthu uja sankadziwa kunama kotonthoza.

"Ndimafuna ndidzaone kusanade, mayi. Ndikanakuuzani, mukanati ulendowu tiusiye, tipite kuchipatala."

Ankanena zoona, ndikanaterodi. Zimenezo zinangowonjezera mkwiyo wanga.

Tinatsala ndi masiku awiri. Dzanja ndinkawagwira, koma tsopano ndine ndinkatsogola, ndikunena kuti apa pali sitepe, apa pali dzenje, imani idutse njinga. Sanafunenso kunamizira mafunso a m'kalasi. Ankangoti ndiuzeni, ine n'kumawauza. Ndinawauza za mpanda wakale wamiyala, kutalika kwake ndi udzu womera pamwamba. Ndinawauza za ngalawa zamatanga, ndi mtundu wa madziwo, umene ndinasowa nawo dzina mpaka ndinangoti wobiriwira koma osati ngati masamba. Pachitseko china ndinawauza kuti m'mbali mwake anasemamo unyolo, iwo anafuna ndiwaike chala pomwepo, ndipo anautsata mpaka pamene mkono unalekezera. Mawu anga ankatuluka ouma, koma misozi inkangotsika, ndipo ndinkathokoza kuti sakuiona. Munthu anaphunzitsa za mzinda umenewu moyo wake wonse, koma wouona n'kukhala ine, amene ndinkangouseka. Chilungamo chake sindinachipeze mpaka pano.

Pobwerera sitinalankhule zambiri. Minibasi itatitsitsa pa Songani, anachita chimene ndinkayembekezera. Anasiya dzanja langa, anakonza jekete, anaongoka, n'kuyamba kuyenda patsogolo monga mwa masiku onse. Ankalunjika pomwe a kabaza anaimika njinga zawo, kuseri kwake kuli ngalande. Ndinaponya chikwama pansi, ndinathamanga n'kuwagwira. Anayesa kusolola, ine ndinafinya.

Amayi ogulitsa tomato, amene amatidziwa kuyambira kale, anayamba kuseka ndi kuwomba m'manja. Wina anakuwa kuti agogo abwera nacho chizungu, wina amvekere kunja kumakonza mabanja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti palibe choseketsa apa, munthuyu sakuona. Amuna anga anandifinya dzanja n'kulankhula motsitsa.

"Asiyeni aziganiza choncho, mayi."

Ndinatseka pakamwa. Mnzathu wina anatinyamulira chikwama, ndipo tinayenda njira yonse ya kunyumba tili chigwirane, anthu akutuluka m'makomo kudzationa.

Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, chomalizacho ali mumdima weniweni. Za maso zinadziwika, zoterezi sizibisika, koma nkhani ya dzanja inali itafala kale ndipo anthu sanafune kuisintha. Pamaliro awo amayi a kutchalitchi anauza atsikana kuti atengere chitsanzo kwa ife, anthu amene tinapita kunja n'kubwerako tikukondana ngati ongokwatirana kumene. Mng'ono wanga amaikambabe nkhani ya foni ija. Sindinatsutsepo aliyense.

Pa zaka ziwiri zimenezo ndinali ndi mpata tsiku lililonse wowafunsanso funso lija, modekha, popanda mkwiyo. Ndikamawatsogolera kubafa, kutchalitchi, pakhonde kukawotha dzuwa, funsolo linkafika pamilomo n'kubwerera. Ndinkaopa kuti andiyankha zoona. Pa Songani paja anapempha kuti anthu ndiwasiye aziganiza kuti ndi chikondi, ndipo ndinawasiyadi. Chimene sindinawauze n'chakuti inenso ndinkafuna wina andisiye ndiziganiza choncho. Masiku awiri oyamba aja ku Zanzibar ndinali mkazi wokondwa kuposa masiku onse a banja langa, ndipo ndinawataya ndekha chifukwa cha nsalu yobiriwira imene sindinaigule n'komwe.