Nkhata ya Nyenyezi ya a Kumpoto

Pamsewu wamashopu uja palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Kumpoto, chifukwa akangotuluka m'kashopu kawo kokonzera mawotchi, nkhope inkalunjika kumpoto basi, kuona ngati kukubwera mitambo.

Masana ankakhala kagalasi kali padiso, akutola timasikuluwu ta mawotchi a eni. Koma mtima wawo unali padenga la nyumba, pomwe anaimika paipi yamadzi yokhala ndi magalasi mkati, kamera yakale ili kumapeto. Pansi pake anamangirira magiya a wotchi yapakhoma kuti paipiyo izitembenuka pang'onopang'ono kutsata nyenyezi. Ankasaka mlalang'amba wina, khamu la nyenyezi lopiringizika ngati nkhata, umene umangosuzumira m'munsi mwa thambo lakumpoto miyezi yochepa pachaka, pakati pa thanki yamadzi ndi denga la aneba.

Ntchito yake ndi yowawa, asakunamizeni munthu. Chithunzi chimodzi chimatuluka chakuda bii. Umajambula zambirimbiri, chaka ndi chaka, n'kumazisanjikiza pakompyuta mpaka kuwala kochepako kutaunjikana. Imvi zinachita kumera a Kumpoto akusanjikizabe, ndipo chomwe ankafuna chinali chimodzi: akazi awo adzaone chimene ankakwerera padengapo.

Tsiku limene nkhatayo inaonekera, anakatsukitsa kachithunzi kakang'ono n'kuthamangira nako kukhitchini.

"Mayi, taonani! Mikono yake ndi iyi, iwiri, yapinda chonchi."

Akazi awo anakabweretsa pafupi ndi maso, kenako n'kukapukuta ndi nsonga ya epuloni.

"Si chala chanu chamafuta mwadinda apa? Bambo inu, zaka zonsezi ndagona ndekha ngati wamasiye chifukwa cha kabanga aka?"

Mawuwo anawalasa, koma anangoti alimbikira, kabangako kadzawala. Kulimbikira kwake kuti? Ukalamba utafika, manja anayamba kunjenjemera. Sikuluwu inkawathawa, makasitomala nawo anathawa, ndipo makwerero apadenga anasanduka phiri. Ana atakonza kaphwando kotsekera shopu, a Kumpoto anaitana mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kosindikiza zikwangwani, n'kumupatsa fulashi yosungira zapakompyuta ndi kachithunzi kaja mu envulopu.

"Ukachikulitse, mwanawe. Mwina chikakula amayi ako achiona."

Tsiku laphwandolo masana, pabalaza panadzaza: alamu, aneba, telala wa shopu yoyandikana. Mwana wamkazi uja anavundukula felemu ya chithunzi pakhoma, ndipo anthu onse anangoti haa! Mikono ya buluu, timadontho tofiira, nyenyezi iliyonse ili mbee. Telala uja, amene kwa zaka ankawafunsa ngati kumwambako apezako ntchito, ndiye anatsogolera kuwomba m'manja.

A Kumpoto okha anangoima njo. Chawo ankachidziwa ngati chikhatho chawo. Chinali chotuwa, ndipo pakona chinali ndi kamzere ka nthawi ina giya itaterereka. Apa kamzereko panalibe. Anakokera mwanayo m'khonde.

"Chimenechi wachitenga kuti?"

"Pa intaneti, Bambo. Akatswiri anajambula ndi makina aakulu. Chanu chija chikakula chimangokhala mchenga wokhawokha, anzanga kuntchito anachita kugwa nazo kuseka. Koma si mlalang'amba womwewo?"

"Ndi womwewo."

"Nanga vuto lili pati? Chonde musanene, taonani mmene amayi asangalalira."

Ankafuna kulalata, kubwerera pabalaza n'kuchotsa chinthucho pamsomali. Asanasunthe, akazi awo anatulukira, misozi ili mbwembwembwe, n'kuwagwira dzanja lonjenjemera lija pamaso pa mwana.

"Bambo, mundikhululukire. Ndikanadziwa kuti mumajambula zokongola chonchi, bwenzi ndikukukwezerani tiyi padengapo. Nanga osandionetsa kale bwanji?"

Osandionetsa kale! Mawu amene anawadikira moyo wawo wonse anali atabwera, koma akupepesa ntchito ya munthu wina amene sanazizidwepo padenga lawo. Paja walira mvula walira matope. Alendo anawaimika pambali pa felemu, n'kuwajambula ndi mafoni, wina akukuwa kuti katswiri amwetulireko.

Kuyambira pamenepo akazi awo amapukuta felemuyo m'mawa uliwonse. Mlendo asanakhale pansi amayamba wamva kuti amuna anga awa musawaone chonchi. A Kumpoto amangoyang'ana pansi, ndipo anthu amati ndi kudzichepetsa. Paipi ija ili padenga mpaka lero, ikuchita dzimbiri.

Tsiku lina akazi awo akuyeretsa m'kabati anapeza envulopu imene mwana anabweza. Anasolola kachithunzi kaja, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Kabanga kanu kaja aka, koyeserera. Poti chenicheni chili pakhoma, nditaye?"

A Kumpoto anatambasula dzanja, koma analibweza pabondo. Akati asataye, afunsidwa chifukwa chake, zoona ziululika, ndipo kupepesa kuja kuthera pomwepo.

"Tayani, mayi."

Anamva chivundikiro cha bini chikutsekeka kukhitchini, kenako akazi awo akufunsa ngati amwa tiyi.