Ulendo wa Malemu ku Makata

Tinanyamuka ku Bangwe m'mawa tili atatu: ine, achemwali anga a Esinati, ndi alamu awo a Daisoni. Tinatenganso ndodo zoyendera za malemu a Likoswe, amuna awo a achemwali. Malemuwa anathyoka mwendo pa makina ku Makata, ndipo kampani inkawapatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Atamwalira, landilodi sanalire nafe nthawi yaitali. Ndiye tinapangana kuti a Daisoni, amene nkhope anachita kugawana ndi akulu awowo, akaonekere ku ofesi ngati eniake.

Mu minibasi ya ku Limbe, kondakitala ataona a Daisoni ali pa ndodo anawapatsa mpando wakutsogolo. Ulemu unawakwera m'mutu, mpaka anayamba kunenerera K1,000 yokwerera.

"Madala, chovulala ndi mwendo, osati thumba," anatero kondakitala.

Ku Limbe anatsika akutsimphina mochititsa chifundo.

"Wamanzere, alamu! Unali wamanzere!" ananong'ona achemwali.

Tikugula zitumbuwa, njinga yamoto inatulukira poteropo. Wolumala wathu analumpha ngalande, ndodo zili kukhwapa. Mayi wa zitumbuwa anangoti, "Koma Mulungu achiritsa!"

Tinakwera minibasi ina kukatsikira pa Ginnery Corner, n'kuyenda wapansi mpaka ku Makata, dzuwa lili paliwombo. Mu ofesi tinapeza bambo waimvi.

"Dzina?"

"Likoswe."

Anawayang'ana nthawi yaitali. "A Likoswe, kumene munapitako kuli bwanji? Ndikufunsa chifukwa bokosi lanu ndinabweretsa ndine ku Bangwe, pa lole ya kampani."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Tonse tinaiwala kuti wantchito akamwalira, bokosi imagula ndi kampani. Achemwali tsikulo anali m'siwa atafunda chitenje kumutu, sanaone amene anabwera.

Bamboyo atamaliza kuseka anati, "Mayi, ndalama ya mwendo inapita ndi mwini mwendo. Koma inu ndi ana muli ndi gawo lanu, takhala tikukudikirani. Mubwere ndi kalata ya imfa, mlamuyu mumusiye kunyumba."

Achemwali analira, ndipo inenso misozi inalengeza. Tinavutikira kukaba zathu zomwe, kufunsa kukanatitengera munthu mmodzi ndi K1,000 yake.

Pobwerera a Daisoni anakana kugwiranso ndodo zija, moti achemwali anazifungatira pamiyendo. Kondakitala anafuna kuzilipiritsa ngati katundu.

"Awa ndi amuna anga," anatero achemwali. "Alipira kale."